Tepi Yakuda pa Nyali Yachikasu

Ana anga, Tadala ndi Chikondi, mutu uno ndaulemba kawiri n'kuung'amba kawiri. Mayi anu akuti ndikang'ambanso andilanda cholembera, ndiye lero ndiumaliza basi. Za ubwana wanga ku Bowe mukuzidziwa kale, ndazikamba mpaka munatopa nazo. Pano ndilemba za ntchito, makamaka za mwezi umodzi umene sindinakukambireni chikhalire.

Chaka choyamba pa ntchito: phiri la Dowa

Nditamaliza maphunziro a umisiri wa matelefoni ku Blantyre, kampani inanditumiza ku Dowa. M'mutu mwanga munali ofesi ya pa boma, tebulo langalanga, ndi tayi pakhosi. Galimoto inadutsa pa boma osaima, n'kukanditsitsa pamwamba pa phiri, pa kanyumba ka malata kopanda zenera. Pambali pake panali nsanja yachitsulo yonyamula mbale ziwiri zikuluzikulu, ina yoyang'ana ku Lilongwe, ina yoyang'ana ku mapiri a Ntchisi. M'kanyumbamo munali makina ataliatali ngati makabati, mabatire, ndi mpando umodzi. Pampandopo panakhala a Zalira, mmisiri wamkulu amene ndinabwera kudzawathandiza, akukukuta chimanga chootcha. Anayang'ana nsapato zanga zopolisha n'kunena kuti, "Mphwanga, izo ukazisunge za pa ukwati. Kuno mvula ikagwa galimoto siikwera, timakwera ndi miyendo."

A Zalira sanali munthu wa mabuku, koma makina akale aja ankawadziwa ngati mbuzi za m'khola mwawo. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ankalibwereza tsiku ndi tsiku. "Nyali ikakhala yobiriwira, khala pansi. Yofiira ikayaka, belu n'kulira, vuto lili m'nyumba muno, usakalifune kwina. Yang'ana fyuzi, yang'ana batire, yang'ana khadi la m'makina." Pa makina amenewo lamulolo linali loona, ndipo linandipulumutsa kambirimbiri. Ndinalimeza lonse. Amisiri ambiri a msinkhu wanga analimezanso chimodzimodzi, kuphatikizapo amene anadzakhala mabwana athu pambuyo pake. A Zalira atapuma ntchito, phiri linatsala m'manja mwanga, ndipo kwa zaka zingapo dzina langa, Mbewe wa ku Dowa, linkamveka bwino ku likulu. Zinandikoma, ndipo mutu unayamba kukula.

Chaka chimene Tadala anayamba sukulu: makina atsopano

Chaka chimenecho kampani inachotsa makina akale n'kuika atsopano, onyamula mafoni pamodzi ndi mauthenga a makompyuta. Maofesi a ku Ntchisi, chipatala ndi masukulu ena anayamba kutumiza zinthu zawo ku Lilongwe kudzera pa phiri langa. Makinawo anali pawiri. Panali kabati yosonkhanitsa mauthenga, ndi wailesi yowaponyera ku phiri lina kudzera pa mbale zija. Pakati pa ziwirizi panali nthambo zazifupi, iliyonse yokhala ndi kachitsulo kolumikizira kumapeto, kamene tinkati konekita.

Anatiitanira ku Lilongwe kukaphunzira masiku awiri. Mphunzitsi anafika pa nkhani ya nyali titangodya nkhomaliro, ine maso akulemera, mumtima ndikuti nyali ndinazidziwa mnyamatayu asanamere ndevu. Zimene ndinaziphonya masana amenewo ndi izi, ndipo muzimvetse chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Pa makina atsopano, nyali yofiira siinena kuti vuto lili m'nyumba muno. Imangonena kuti zimene zikuchokera kwa mnzanga sizikundifika bwino. Kabati imene siikumva bwinoyo imabweza uthenga kwa inzake, ndipo kumeneko kumayaka nyali ina imene kale kunalibe, yachikasu, yonena kuti mnzako sakukumva. Choncho yofiira ikhoza kuyaka kwa munthu wosalakwa, yachikasu n'kuyaka kwa mwini vuto. Yofiira imaliza belu. Yachikasu imangoyaka chete.

Bwana wathu wa chigawo anali a Chinthalo, munthu waukhondo, wosunga nthawi, koma wosamva za mnzake. Akabwera kudzayendera, ankalowa manja ali kumbuyo, maso pa makabati, ndipo ankafuna kuona zobiriwira zokhazokha. Nyali ya mtundu wina ikaoneka, sankafunsa kuti ikutanthauza chiyani, ankangoti, "Bambo, kodi muno ndi m'bala?" Ndiye amisiri tinapeza nzeru yathu. Kanyali kalikonse kovuta koma kosaliza belu tinkakamata ndi tepi yakuda ya magetsi. Nkhope ya kabati inali yakuda, tepi yakuda, munthu sungaone. Sindine ndinayambitsa, koma sindinakanenso.

Mu Febuluwale mphezi inawomba nsanja yanga n'kutentha nthambo imodzi ya pakati pa kabati ndi wailesi, ija yotumiza mauthenga ku Ntchisi. Ndinatsika phiri wapansi m'matope, n'kukafika ku sitolo ya kampani ku Lilongwe. Wa ku sitolo anatambasula manja. "Makonekita kulibe, bambo. Chopanira chake chili ndi anthu a ku Kasungu, sichinabwere chibwerekere." Ndinapsa mtima, ndinalankhula zambiri, koma mkwiyo sunabereke konekita. Ndinabwerera, n'kudula nthambo ina, n'kuchotsa konekita yakale pa nthambo yopsa ija, n'kuipana ndi pulaya wamba. Zonse zinabwerera biriwiri, ndipo a Chinthalo anandiyamikira pamaso pa anzanga kuti ndine munthu wosadikira sitolo. Patapita masabata angapo, nyali yachikasu inayamba kuphethira mwa apo ndi apo. Belu silinalire, mafoni ankayenda, ndipo bwana anali pafupi kubwera. Ndinaimata tepi. Mu Julaye bokosi la nthambo zatsopano linafika, ine n'kuliika pakona. Ndinati chinthu chikugwira ntchito, ndichigwirirenji.

Chaka chomwecho ku phiri la Ntchisi kunatumizidwa Mayi Chimwaza, mmisiri wamkazi woyamba m'chigawo chathu. Anali wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi, mayi wa ana awiri, wolankhula pang'onopang'ono. Buku la makina lija, limene ena tonse tinkatsekera chitseko kuti chisamenyeke ndi mphepo, iwo analiwerenga lonse n'kulembamo ndi pensulo m'mbalimbali. A Chinthalo sanawafune kuyambira tsiku loyamba. Pamsonkhano wina ananena poyera kuti nsanja si malo a munthu wovala chitenje, ena n'kuseka. Inenso ndinaseka pang'ono, ndipo zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Okutobala wa chaka chomwecho

Makina oziziritsa mpweya m'kanyumba kanga anafa mu Sepitembala, ndipo chipangizo chake ku sitolo kunalibenso. Okutobala atafika, dzuwa likafika paliwombo malata ankatentha mpaka kulira, moti ine masana ndinkakhala panja pamthunzi wa nsanja. Nthawi yomweyo ku Ntchisi kunayamba vuto. Tsiku lililonse masana nyali yofiira inkayaka kwa Mayi Chimwaza, belu n'kulira, mafoni ndi makompyuta a kumeneko n'kuima. Dzuwa likapendeka zonse zinkabwerera zokha. Madandaulo anachuluka, makamaka a ku chipatala, ndipo a Chinthalo anali ndi yankho kale. Yofiira ili ku Ntchisi, ndiye vuto lili ku Ntchisi.

Tinali ndi foni yathu ya amisiri yodutsa pa wailesi, imene inkagwirabe ntchito ngakhale kabati itaima. Tsiku lachitatu Mayi Chimwaza anandiimbira. "A Mbewe, pepani kukuvutitsani. Kuno nyali ili psuu. Ndalumikiza nthambo yotumiza ndi yolandira pa kabati yanga kuti idzimve yokha, yofiira yazima nthawi yomweyo. Ndiye kabati yanga ndi yabwino. Kodi kwanuko yachikasu siikuyaka?" Ndinasuzumira pakhomo, ndinaona zobiriwira. "Kuno kulibe kanthu, mayi." Tsiku limenelo ndinayankha moona mtima, tepi ija ndinali nditaiiwala. Patapita masiku anayi anafunsanso. Ulendo uno ndikuyankha, ndinakumbukira tepi. Inali pomwepo, mapazi atatu kuchokera pamene ndinaima. Koma mumtima ndinati, mwana wa dzulodzuloyu andiphunzitse ine ntchito? "Ndakuuzani kale kuti kuno kulibe kanthu." Kachitatu ndinawayankha mwaukali, n'kuwauza kuti ayang'ane za m'nyumba mwawo. A Chinthalo atandipempha lipoti, ndinalemba kuti ku Dowa kulibe chizindikiro chilichonse cha vuto, n'kusaina.

Sabata yachitatu, Lachiwiri, Mayi Chimwaza anaimitsidwa ntchito. Anauzidwa kuti Lolemba lotsatira akaonekere ku komiti ya ku likulu, ndipo aliyense ankadziwa kuti komitiyo ikangomaliza zowachotsa. M'malo mwawo a Chinthalo anatumiza mmisiri wina, wamwamuna, amene anafika ku Ntchisi Lachinayi m'mawa. Asanatsike phiri Lachiwiri lija, mayi aja anandiimbira komaliza. "A Mbewe, ine ndikupita. Ndikupempheni chinthu chimodzi chokha. Tsiku lina dzuwa likakwera, musakhale panja. Mukaime patsogolo pa kabati yanu." Anaika foni ndisanayankhe.

Mawu amenewo anandipweteka, ndipo ndinatsimikiza kuwaonetsa kuti akunama. Lachinayi ndinalowa m'kanyumba kaja cha m'ma 11, ndinachotsa buku pa chitseko, n'kukhala pampando wa a Zalira, thukuta lili kamukamu. Ndinawerenga tsamba la nyali kawiri. Kenako ndinaimirira n'kumatula tepi. Nyali inali yozima, ndipo ndinapuma mokhutira. Ndinadikirabe, chifukwa makani ndili nawo. Itangokwana 12 inayamba kuphethira, kenako inayaka osazimanso. Ndinaimbira mnzanga watsopano wa ku Ntchisi. "Kwanuko kuli bwanji?" "Achimwene, yofiira yangoyamba kumene, belu likusokosa." Ndinamuuza kuti asaike foni. Ndinapita kuseri kwa kabati n'kugwira nthambo yanga ya mu Febuluwale ija pa konekita, n'kuikankhira mkati. Yachikasu inazima. "Yasiya!" anatero iye. Ndinachotsa dzanja, n'kuyakanso. Ndinachita zimenezi kanayi, ngati kuti kachisanu zisintha. Kachitsulo kamene ndinakapana ndi pulaya kankamasuka kakatenthedwa. Mauthenga sankadukiratu, ankangosokonezeka, ndipo wailesi imanyamula chilichonse chimene waipatsa, ngakhale zinyalala, nyali zake zili biriwiri. Ndinatsegula bokosi la mu Julaye, n'kusintha nthambo. Ntchito yonse siinathe mphindi zisanu.

Lachisanu vuto silinabwere. Masana a Chinthalo anandiimbira ali osangalala kwambiri. "Mbewe, mwaona? Ndangochotsa mayi uja, ndaika mwamuna, tsiku limodzi lokha zonse zakhala bwino. Umboni wina tiufunirenji?" Kenako anatsitsa mawu n'kundiuza kuti mpando wa woyang'anira amisiri ku Lilongwe watseguka, ndipo dzina langa alipereka kale. Nyumba ya kampani, magetsi, madzi a m'mpopi, sukulu zabwino za inu. Ndinayamika, n'kuika foni. Pokonza nthambo ija ndinali nditawamalizitsa Mayi Chimwaza. Palibe anandiona. Mnzanga wa ku Ntchisi sanadziwe chimene ndinkachita kuseri kwa kabati, ndipo ankakhulupirira kale kuti vuto lathawa iye. Kungokhala chete kunali kokwanira.

Loweruka m'mawa ndinapeza mayi anu pansi pa mtengo wa mango akuswa mtedza wa mbewu. Ndinakhala pambali pawo n'kuyamba ndi nkhani yokoma ya ku Lilongwe. Nkhope yawo inawala, anafunsa ngati nyumba zake zili ndi khitchini ya mkati. Kenako ndinatulutsa nthambo ija m'thumba n'kuwafotokozera zonse, mpaka za tepi. Anasiya kuswa.

"Ndiye mwabwera kudzandifunsa kapena kudzandiuza, bambo a Tadala?"

"Sindikudziwa."

"Mukudziwa. Mukanafuna kukhala chete, chinthu ichi mukanachitaya kuphiri konko, simukanabwera nacho m'thumba." Anakankhira makoko a mtedza pambali. "Ku Lilongwe ndikukufuna, ndisakunamizeni. Ndatopa ndi mjigo. Ndipo ndakukwiyirani, chifukwa munthu anakufunsani bwinobwino inu n'kumukalipira. Mayiyo ali ndi ana angati?"

"Awiri."

Anatola mtedza wina n'kuuswa. "Malaya anu oyera aja ndiwachapa lero kuti aume. Musakapite kwa mabwana ndi kolala yakuda."

Lolemba, ku likulu

Palibe anandiitana ku komiti. Ndinakwera basi yoyamba, n'kukakhala pa benchi panja pa chipinda. Mlembi anandiuza kuti lipoti langa lili kale mkati, sindikufunika. Ndinamuuza kuti lipotilo ndi labodza ndipo mwini wake ndine, ndiye sindichoka. Analowa, n'kutuluka, n'kunditsegulira. Mkati munali akuluakulu atatu, a Chinthalo, ndi Mayi Chimwaza atakhala okha mbali ina, buku lawo la pensulo lili pamiyendo.

A Chinthalo anamwetulira poganiza kuti ndabwera kudzawaikira kumbuyo. Ndinaika nthambo patebulo, pambali pake kachidutswa ka tepi. Ndinayamba pa mphezi ya mu Febuluwale mpaka Lachinayi, osadumpha kanthu. Ndinanena kuti anandifunsa katatu, ndipo kawiri ndinkadziwa kuti pali tepi.

"Mbewe, mukudwala?" anatero a Chinthalo. "Yofiira inali ku Ntchisi."

"Inali ku Ntchisi, bwana, chifukwa Ntchisi ndi amene sankamva. Wolankhula zosamveka ndinali ine. Zili pa buku, mayiwa ali nalo apo."

Mkulu wa komiti anapempha bukulo. Anawerenga tsamba lija pamodzi ndi zolemba za pensulo m'mbali, n'kulipereka kwa mnzake. Kenako anandifunsa ngati ndikudziwa chimene ndikudzichitira. Ndinati ndikudziwa. Anafunsanso kuti ndi masiteshoni angati amene ali ndi tepi pa nyali. Ndinati sindinawerenge, koma akatumiza munthu ndi chala chimodzi chomatulira, sabwerako chimanjamanja. A Chinthalo sanandiyang'anenso, tsiku limenelo ngakhale zaka zonse zotsatira.

Chigamulo chinatuluka masana omwewo. Mayi Chimwaza abwerere ku ntchito. Ine ndinalandira kalata ya chenjezo lomaliza, mpando wa ku Lilongwe unapita kwa wina, ndipo ananditumiza ku kasiteshoni katsopano ka ku Kasakula, kumene inu munakulira, mukutunga madzi pa mjigo ngati uja mayi anu anali atatopa nawo.

Potuluka ndinawapeza mayi aja ataima pa geti kudikira minibasi. Ndivomere, ndinkadziona ngati ngwazi, ndipo ndinayandikira ndikuyembekezera mawu okoma.

"A Mbewe, ntchito mwandibwezera, zikomo. Koma masabata atatu ndakhala ndikudzifunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino. Buku likunena china, makina anga akunena chomwecho, koma munthu wamkulu amene ndimamulemekeza akuti kulibe kanthu. Ndinafika pokhulupirira kuti mwina a Chinthalo akunena zoona za ine. Zimenezo simungandibwezere."

Minibasi inabwera, anakwera.

Zaka za ku Kasakula

Kasiteshoni ka ku Kasakula kanali pansi pa Ntchisi, ndipo patapita zaka ziwiri Mayi Chimwaza anakwezedwa kukhala woyang'anira masiteshoni onse a mapiri amenewo. Choncho anakhala bwana wanga mpaka ndinapuma ntchito. Sanandizunzepo ngakhale tsiku limodzi. Zipangizo zikafika ankagawa mofanana, mayi anu atadwala anatitumizira galimoto, ndipo amisiri atsopano ankawatumiza kwa ine kuti ndiwaphunzitse nyali, poti nkhani yake ndinkaidziwa kuposa wina aliyense. Ndinkawaphunzitsa ndi mtima wonse, ndipo wopezeka ndi tepi pafupi ndi kabati ankaona mkwiyo wanga.

M'mawa uliwonse ankaimbira masiteshoni onse pa foni ya amisiri, mmodzimmodzi, tonse tikumva. Wa ku phiri lina akati, "Kuno zonse zili bwino, mayi," iwo ankati zikomo n'kupita kwa wotsatira. Ikafika nthawi yanga, ndinkanenanso chimodzimodzi, "Kasakula zonse zili bwino." Iwo ankayankha mwaulemu, mawu osakwera, "Tchulani imodziimodzi, a Mbewe." Amisiri ena sankauzidwa kuti atchule nyali zawo. Achinyamata ankaganiza kuti ndi ulemu wopatsidwa kwa mkulu, kuti iwo aphunzirepo, ndipo mayi aja sanawauze zina. Ine ndinkadziwa. Ndinkaimirira, kupita patsogolo pa kabati, n'kuyendetsa chala pa nyali iliyonse ndikutchula mtundu wake. Ndinachita zimenezi m'mawa uliwonse kwa zaka khumi ndi chimodzi. Tsiku langa lomaliza pa ntchito, katundu ali kale pa galimoto, ndinkaganiza kuti mwina lero andisiya. Anati, "Tchulani imodziimodzi, a Mbewe." Ndinatchula.